Kuchokera pa Intaneti Kufika pa Bolodi: Akusenza Katunduyu Ndani?

Awa ndi mawu amene mphunzitsi wina wopuma pantchito anayankhula pamsonkhano wa makomiti a chitukuko a m'mawadi, makomiti a sukulu, aphunzitsi ndi makolo ochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri.



Mwandipempha kuti ndiyankhule za zipangizo zaulere zopezeka pa intaneti ndi mmene zingathandizire mphunzitsi m'kalasi. Ndiyambe ndi kuulula kuti ine ndine wa m'badwo wa choko. Ndinali kale pantchito mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana n'kudumpha kuchoka pafupifupi pa 2 miliyoni kufika pafupifupi pa 3 miliyoni. Ndikukumbukira m'mawa umene ndinalowa m'kalasi n'kusowa poponda, ana atadzaza mpaka m'munsi mwa bolodi, ena akusuzumira pazenera. Chinali chinthu chabwino ndipo sindingachinyoze, pakuti ambiri mwa ana amenewo akanathera pakhomo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti chaulere chimakhala ndi mchira. Sukulu inali yaulere ndithu, komabe panafunika wina womanga makalasi, wina wogula mabuku, wina woima kutsogolo. Zaulere za pa intaneti nazonso n'chimodzimodzi. Phunziro lilipo, ndipo mwini wake sakufuna tambala. Koma pakati pa intaneti ndi bolodi pali mtunda. Amene akuuyenda lero ndi mphunzitsi yekha, ndi foni yake, ndi bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo za ana ake.

Nkhaniyi si yamasewera, chifukwa m'zaka zochepa zapitazi sukulu zathu zatsekedwapo kangapo. Pa 23 Marichi 2020 zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera. Patangodutsa miyezi iwiri, namondwe wa Freddy anatigwera. Matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Nthawi ya Covid-19 ija boma linayesetsa. Maphunziro a pulayimale ankaulutsidwa pa wailesi, monga ankachitira kale a pulogalamu ya Tikwere pa MBC, ndipo a sekondale anaikidwa pa intaneti, kampani ya TNM n'kulola kuti ophunzira aziwatsegula osalipira. Koma tifunsane moona mtima, makolo anzanga: ndi ana angati a ku Goliyo kapena ku Ntopwa amene anawatsegula? M'nyumba zathu zambiri foni yolowa pa intaneti ndi imodzi. M'mawa imanyamuka ndi mwini wake kupita ku Limbe kapena ku mafakitale a ku Makata, ndipo ikamabwerako madzulo batire latha, mwinanso magetsi azima. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti mwana wa m'madera mwathu muno n'kovuta kumufikira kudzera pakhomo pake. Njira yodalirika ndi yodzera mwa mphunzitsi wake, ndipo nzeru n'kumukonzekeretsa mphunzitsiyo sukulu zili zotsegula, osadikira tsoka lina.

Aphunzitsi anzanga mukudziwa mawu aja akuti TALULAR amene anatikhomerera m'mutu kukoleji: kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Tinkatola zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, tinkaumba mapu a Malawi ndi dongo, tinkalemba zilembo pa makatoni ndi pa matumba a simenti. Ine ndikuti foni imene ili m'thumba la mphunzitsi lero nayonso ndi TALULAR. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Sindikukamba za chipinda chodzaza makompyuta chimene mwina tidzachiona tsiku lina, komanso sindikupempha kuti ana azibwera ndi mafoni kusukulu. Ndikukamba za foni imodzi, m'manja mwa munthu wamkulu amene waikonzekera.

Tsono kuli chiyani kumeneko? Ndiyambire kwa ana aang'ono, chifukwa ndi kumene njala ya mabuku imapweteka kwambiri. Mwana amaphunzira kuwerenga powerenga, koma ana athu ambiri sakhala ndi china chowerenga kupatula buku la m'kalasi lomwe amalimbirana atatu kapena anayi. Ku South Africa kuli bungwe lotchedwa Saide limene linakhazikitsa African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta nthano tokhala ndi zithunzi, tolembedwa m'zilankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa. Ku India nako kuli StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books. Ubwino wa timabuku timeneti si kusalipira kokha. Eni ake analola poyera kuti aliyense atikopere, atisindikize, atimasulire ngakhale kutisintha, bola atchule amene analemba. Ndiye kuti mphunzitsi wa Sitandade 2 ku Machinjiri akhoza kutenga nthano, kuikopera ndi cholembera chachikulu pa mapepala otambalala, n'kuipachika kukhoma kuti ana onse aione. Akhozanso kuchotsamo dzina la mudzi wachilendo n'kuikamo Namiyango, ndipo palibe lamulo limene waphwanya. Mwana akapeza dera lakwawo m'nthano amatchera khutu mwanjira ina.

Kwa a sekondale, makamaka a m'sukulu zoyendera zimene zambiri zilibe chipinda choyeseramo za sayansi, kuli PhET. Anaiyambitsa mu 2002 ndi a Carl Wieman ku yunivesite ya Colorado ku America, chaka chimodzi atalandira mphoto ya Nobel ya fizikisi. Mmenemo wophunzira amalumikiza batire, waya ndi babu pagalasi la foni kapena la kompyuta, babuyo n'kuyaka. Akawonjezera batire amaona kuwala kukukula, ndipo akalumikiza molakwika batire limagwira moto popanda wopsa. Kuli GeoGebra ya masamu, imene anaiyamba a Markus Hohenwarter a ku Austria mu 2001. Mphunzitsi amajambula thirayango, n'kumakoka ngodya imodzi ndi chala uku ndi uku. Thirayangoyo imasintha maonekedwe koma ngodya zake zitatu zikaphatikizidwa zimangokhalabe 180. Ine ndinatha zaka ndikuwauza ana mfundo imeneyi kuti aloweze. Akaiona ikuchitika pamaso pawo safunikanso kuiloweza. Kuli Khan Academy, imene inayamba pamene a Salman Khan ankathandiza msuweni wawo masamu ali kutali, ndipo lero ili ndi mavidiyo osawerengeka. Mavidiyo amenewa, kunena zoona, amathandiza kwambiri mphunzitsi kuposa mwana, chifukwa Chingerezi chake n'chothamanga. Koma mphunzitsi amene wapatsidwa phunziro limene sanalikhudzeko chitulukireni kukoleji akhoza kudzikumbutsa usiku ali yekha, popanda manyazi.

Musaganize kuti ndikuyankhula ngati katswiri. Ulendo wanga woyamba unali wochititsa manyazi. Nditatsala pang'ono kupuma pantchito, mwana wanga anandionetsa vidiyo yokongola ya mmene mtima umapopera magazi. Ndinasangalala, pakuti chithunzi cha mtima chimene ndinkajambula pabolodi chinkangofanana ndi mbatata. M'mawa mwake ndinagula bandulo, n'kulengeza m'kalasi kuti lero tiona mtima ukugunda. Ana oposa 100 anaimirira nthawi imodzi n'kundipanikiza kukhoma. Ndinadina, kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira, n'kuzungulira, n'kuzungulirabe. Ndinatuluka panja kukasaka netiweki, foni ili m'mwamba ngati ndikuombeza, kalasi yonse ili pambuyo panga. Vidiyo itayamba kuyenda, mawu ake sankamveka chifukwa cha phokoso, ndipo isanafike pakati bandulo inatha. Belu linalira. Tsiku limenelo ana sanaphunzire za mtima, ngakhale wa mbatata uja. Sindingaloze chala wina aliyense, cholakwa chinali changa. Ndinapita kumunda ndi khasu losakula.

Sabata yotsatira ndinachita mosiyana. Ndinapanga dawunilodi vidiyoyo usiku, n'kuionera katatu mpaka nditadziwa malo oyenera kuiimitsa. Ndinalemba mafunso anayi pabolodi ana asanalowe. Ndinawagawa m'magulu, gulu lililonse n'kumabwera pa tebulo langa kwa mphindi zochepa pamene ena akujambula m'makope. Mawu a m'vidiyo ndinawazimitsa n'kumafotokoza ndekha, apa m'Chingerezi, apo m'Chichewa. Pomaliza aliyense anagwira pamkono pa mnzake kumvetsera kugunda kwa magazi, kenako anathamanga kuzungulira bwalo n'kumvetseranso. Vidiyo inatenga mphindi zitatu zokha m'phunziro lonse, koma mtsikana wina wofatsa, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja, anandifunsa chifukwa chake magazi sabwerera kumene achokera. Ndinabweza vidiyo n'kumuonetsa timakomo ta mumtima tikutseguka ndi kutsekeka. Funso lotere silikanabadwa pa chithunzi changa chija.

Pamenepa ndi pamene pagona mfundo yanga yaikulu: intaneti isalowe m'kalasi, m'kalasi mulowe zimene mphunzitsi watapa pa intaneti. Ndipo chinthu chikatapidwa kamodzi, palibe chifukwa choti mphunzitsi wina achigulirenso bandulo. Lero aphunzitsi khumi a Sitandade 7 m'zoni imodzi akhoza kulipirira vidiyo yomweyo kakhumi, aliyense payekha, wina osadziwa za mnzake. Chonsecho ife anthu a m'mataunishipi ndife akatswiri ogawana zinthu popanda intaneti. Pitani mumsika wa Ndirande kapena wa Bangwe mukaone anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Filimu yatsopano yoikidwa mawu a Chichewa imafika m'nyumba za mzinda wonse kudzera pa memori khadi, pa fulashi ndi potumizirana pa Bluetooth. Msewu umenewu ulipo kale, tinaulambula tokha. Chimene sitinachite n'kuyendetsapo maphunziro.

Alipo amene anaganizira mayiko onga lathu n'kupanga zipangizo zogwira ntchito popanda netiweki. Bungwe la Learning Equality linapanga pulogalamu yotchedwa Kolibri. Imaikidwa pa laputopu imodzi, ngakhale yakale, n'kudzazidwa kamodzi ndi zinthu monga mavidiyo a Khan Academy, zoyesera za PhET ndi nthano za African Storybook. Zikatero mafoni ndi matabuleti amene ali pafupi amalumikizana ndi laputopuyo n'kumatsegula zonsezo popanda kudya yunitsi. Kulinso Kiwix, imene imasunga Wikipedia pa memori khadi, ndipo munthu akhoza kusankha gawo limene akufuna, kaya la Chingerezi chosavuta, kaya la sayansi lokha. Zonsezi n'zaulere. Laputopu imodzi yotere itakhala pa TDC ya zoni iliyonse, mphunzitsi akanamapita ndi memori khadi yake ngati mmene timapitira kuchigayo ndi thumba.

Ndiloleni ndikhalitseko pa chitsanzo chimodzi chimene chili pamtima panga, chifukwa chikuonetsa kuti zipangizozi sizongobweretsa zakunja ayi, zikhozanso kutionetsa ife eni. Akuluakulu amene muli muno mukukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango yowirira. Ana a lero sanaione. Tikamawauza amangoyesa nthano za agogo. Koma Google Earth imasunga zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, zina za kale mpaka 1984, ndipo kuziona n'kwaulere. Mphunzitsi akhoza kutsegula kamodzi, kujambula zithunzi zitatu za phirilo za zaka zosiyana, n'kuzisunga mufoni kapena kuzisindikiza papepala. M'kalasi amangozindandalika osanena kanthu, n'kufunsa kuti: chasintha n'chiyani? Ana amaona okha kubiriwira kukufota, nyumba zikukwera phiri. Kenako, mvula ikagwa, amawatuma kukatunga madzi a mumtsinje wa Nasolo m'botolo, n'kuliika pazenera mpaka matope atadikha pansi. Funso lachiwiri ndi lakuti: dothi ili lachokera kuti, nanga likupita kuti? Apo mwaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka, za madzi a m'damu la Mudi amene timamwa, ndi za udindo wa nzika, zonse m'phunziro limodzi. A ku Chilomoni achite chimodzimodzi ndi phiri la Michiru, a ku Bangwe ndi phiri lawo. A ku Zingwangwa, phiri lanu ndi Soche, ndipo ndikupempha kuti mulikhudze mosamala, pakuti m'makalasi mwanu muli ana amene anataya abale awo kumeneko, ndipo kwa iwo chithunzicho si phunziro chabe.

Tsopano nditembenuze chikho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri za pa intaneti sizinalembedwere mwana wa ku Malawi. Mupeza masamu owerengera madola ndi mainchi, mupeza nyengo zinayi za kumayiko ozizira. Tsiku lina mphunzitsi wachinyamata anandionetsa pepala la mafunso limene analimasulira ndi makina omasulira aja. Nyengo yozizira ya kunja makinawo anaitcha dzinja, ndiye pepalalo linkauza ana kuti m'dzinja mitengo imayoyola masamba ndipo anthu amaotha moto. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti dzinja ndi nthawi ya mvula ndi chimanga chobiriwira, ndipo kuzizira kwathu ndi kwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi. Likanalowa m'kalasi pepala limenelo, ana akanakhulupirira chiyani, maso awo kapena pepala la aphunzitsi? Masiku ano kwabweranso mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu. Amathandiza kukonza mafunso obwereza ndi kupeputsa ndime yovuta, koma akalakwitsa salakwitsa mwamanyazi, amayankha molimba mtima ngati mboni yonama. Muyeso wathu ukhale silabasi ndi mabuku ovomerezeka a Malawi Institute of Education ku Domasi. Chimene mphunzitsi sanachiwerenge yekha n'kuchiyerekeza ndi silabasi chisapite kwa ana. Paja mayeso amene akuwadikira ndi a MANEB, osati a ku America.

Ndatchula mayeso, ndiye ndinenepo za likasa. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira, ndipo ana osalakwa anavutika kulembanso chaka chotsatira. Magulu a WhatsApp amene amatithandiza kugawana maphunziro ndi omwewonso amadutsamo mapepala obedwa ndi abodza, ogulitsidwa kwa ana amantha. Gulu la aphunzitsi kapena la makolo likhale ndi woyang'anira wodziwika, ndipo zoterezi zisapezemo malo. Chimodzimodzi mabuku a alembi athu ojambulidwa mwakuba. Amenewo si aulere, ndi obedwa, ndipo mlembi wa Chimalawi akaleka kulemba chifukwa cha njala otaya ndife. China ndi ulemu wa mwana. Ndaonapo zithunzi za makope a ana olephera zikuyenda m'mafoni anthu akuseka, nkhope kapena dzina zili poyera. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, ndipo mu 2024 kunabweranso lina loteteza mbiri ya munthu. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Osajambula mwana n'kumutumiza kwina makolo ake osadziwa.

Ndikuona nkhope zina zikufunsa, ndipo funso lake ndikulidziwa: ana akukhala pansi, zimbudzi n'zosakwanira, denga likudontha, ndiye tizikamba za intaneti? Funso limeneli n'loona. Mutandiuza kuti ndisankhe pakati pa chimbudzi cha atsikana ndi pulojekita, ndisankha chimbudzi osaphethira. Ndipo ndikuchenjezeni za chilakolako chogula zida zonyezimira zoti tijambulitse nazo pa tsiku lopereka. Dziko la Peru linagula malaputopu oposa 800,000 n'kugawira ana a pulayimale pansi pa ntchito ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti ana anazolowera ndithu kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi pa chilankhulo sanakhoze kuposa anzawo amene sanalandire. Makina anafika, kaphunzitsidwe sikanasinthe. Ife tilibe ndalama zoti tilakwitse nazo motero. N'chifukwa chake zimene ndikupempha n'zazing'ono, ndipo zikuyambira kwa mphunzitsi, osati kwa chida.

Boma nalo silinakhale chete, ndipo tiyamikire pamene payenera. Kuyambira mu 2013 bungwe la onebillion ndi la VSO anayesa matabuleti ophunzitsa masamu m'Chichewa, kuyambira pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo mu 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba pulogalamu ya BEFIT mogwirizana ndi mabungwe awiriwa komanso la Imagine Worldwide. Cholinga chake n'kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Kumene afika tiwasamale ngati maso athu. Koma pulogalamu imeneyi ndi ya kuwerenga ndi masamu oyambirira. Mwana akafika Sitandade 5, pamene maphunziro amatembenukira ku Chingerezi ndipo ambiri amayamba kutsalira, amakhalanso ndi mphunzitsi wake ndi bolodi basi, mpaka Fomu 4. Mpata umenewu ndi umene wadi ingatseke.

Ndiye ndikupempha chiyani? Kwa makomiti a sukulu: mukamalemba ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, imene imatsogolera kagwiritsidwe ka ndalama zija timati SIG, kambiranani ndi alangizi a maphunziro ngati mungaikemo mamemori khadi ochepa ndi bandulo ya pamwezi ya sukulu. Ikhale ya sukulu, yolembedwa m'buku, yodziwika amene waigwiritsa ntchito ndi chimene watapa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo si chilungamo kuti mphunzitsi amene malipiro ake akutha mwezi usanafike pakati azilipiriranso maphunziro a ana athu. Koma ndikuchondererani, musasandutse nkhaniyi chifukwa chatsopano chosonkhetsera makolo ndalama n'kumabweza ana pageti. Zikatero ndiye kuti ndayankhula pachabe, ndipo ndibwera ndekha kudzatsutsa.

Kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi, pempho langa ndi la magetsi ndi chitetezo. Tinaona mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, mmene mdima unatikhalira kwa nthawi yaitali. Sola yaing'ono yokwanira kutchaja laputopu ndi mafoni ochepa, pamodzi ndi kabati yachitsulo yokhoma, pa TDC iliyonse: zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi mlatho kapena chipinda cha kalasi, ndipo zikhoza kukambidwa pokonza za thumba la CDF. Mafumu ndi mabuloko lida, kabati payokha siteteza kanthu ngati wogula katundu wakuba ali pakati pathu ndipo tikumudziwa.

Aphunzitsi anzanga, gawo lolemera ndi lanu, ndipo si la ndalama. Mutu umodzi susenza denga. Teremu isanayambe, aphunzitsi a kalasi imodzi m'zoni khalani pansi ndi masikimu anu, muloze mitu itatu kapena inayi imene ana amalephera chaka ndi chaka, mugawane kusaka. Wina akapeza chabwino, onse achione, achiyese ndi silabasi, ndipo chikadutsa chilowe m'laputopu ya pa TDC pansi pa dzina la kalasi ndi mutu wake. Musadzaze zinthu zambirimbiri zimene palibe adzazitsegule; zinthu khumi zosankhidwa bwino zimaposa chikwi. Achinyamata amene mumadziwa mafoni, musaseke achikulire. Akhalitseni pansi muwaonetse podina, iwo akuonetsani poimitsa vidiyo ndi funso loyenera kufunsa. M'madera mwathu muno mumakhalanso ophunzira a ku MUBAS ndi a ku koleji ya aphunzitsi ya Blantyre, ndipo kuika Kolibri pa laputopu kwa iwo ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Ngakhale anyamata obena aja tiwaitane. Luso lokopera ndi kusanja mafayilo ali nalo kale, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi azing'ono awo m'makalasi mwathu.

Chotsala n'chakuti tisamangotapa, tizithiramonso. Nthano za Chichewa zimene zili pa African Storybook n'zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo Wikipedia ya Chichewa ikadali yaing'ono kwambiri. Palibe mlendo amene adzabwere kudzatilembera nkhani ya mwana wotumidwa kukagula makala ku Zingwangwa, kapena ya gogo wokazinga mbalagha ku Machinjiri. Ife opuma pantchito nthawi tili nayo, ndipo Chichewa chokhoza tili nacho. Ine ndayamba ndi nthano ziwiri. Mdzukulu wanga akundijambulira zithunzi, ngakhale mbuzi zake zikufanana ndi agalu.

A Wapampando, m'thumba mwangamu muli memori khadi. Ndaikamo nthano za Chichewa za Sitandade 1 mpaka 4, zoyesera zingapo za PhET, zithunzi za mapiri athu anayi ndi vidiyo ya mtima ija. Aphunzitsi amene mwabwera ndi mafoni musathamangire minibasi tikatseka; tikhala pakhondepo tigawane, ndipo amene alandire lero akapatse anzake asanu sabata isanathe. Nkhani ya sola ndi kabati ndaisiya m'manja mwanu, ndi pempho lakuti ilembedwe pa mndandanda wa zokambirana za komiti ya wadi iliyonse mwezi wamawa.